Kukhulana kwa madzi owinduka ndi khoma: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali pansipa ndi amene ophunzira uinjiniya, anthu okonza mapulani a mapaipi ndi ngalande, komanso ogwiritsa ntchito mapulogalamu a CFD (a pa kompyuta owerengera kayendedwe ka madzi ndi mpweya) amafunsa mobwerezabwereza. Miyezo yonse ndi ya mamita, masekondi, makilogalamu ndi mapascal. Pamene talemba log tikunena log ya 10, pamene talemba ln tikunena log ya e.

Kodi kukhulana kwa pakhoma n'chiyani kwenikweni?

Madzi kapena mpweya ukamadutsa pa chinthu cholimba, kagawo kamene kakhudzana ndi chinthucho sikasuntha. Pakhoma penipeni liwiro ndi ziro, ndipo limakwera mukamachoka pakhomapo. Chifukwa cha kusiyana kwa liwiroku, madzi amakoka khoma kulowera kumene akupita, nalonso khoma limawagwira chobweza. Mphamvu imeneyi pa sikweya mita imodzi ndiyo wall shear stress, imalembedwa τw, ndipo imayezedwa m'mapascal. Khoma limene tikunenali likhoza kukhala m'kati mwa paipi, pansi pa ngalande, phiko la ndege kapena mimba ya sitima yapamadzi.

Amene anaonetsa kuti nkhani yonse imachitikira m'kagawo kopyapyala koyandikana ndi khoma ndi Ludwig Prandtl, pa msonkhano wa ku Heidelberg mu 1904. Kagawo kameneko ndi boundary layer.

Ndingadziwe bwanji kuti madzi anga akuyenda mowinduka?

Werengerani nambala ya Reynolds: Re = U × D / ν. U ndi liwiro la pakatikati, D ndi kukula kwa m'kati mwa paipi, ν ndi kinematic viscosity, muyezo wa mmene madzi kapena mpweya umakanira kuyenderera. Madzi a 20°C ali ndi ν ya 1.0 × 10⁻⁶ m²/s, a 10°C pafupifupi 1.3 × 10⁻⁶, a 25°C pafupifupi 0.89 × 10⁻⁶. Mpweya wa 20°C uli ndi 1.5 × 10⁻⁵.

M'paipi, Re ikachepera 2,300 madzi amayenda mwabata, m'mizere yosasakanizika. Ikapitirira 4,000 ndiye kuti awinduka, kutanthauza kuti akusakanizika m'akavuluvulu (turbulent flow). Pakati pa manambala awiriwa palibe fomula yodalirika. Osborne Reynolds anaona kusinthaku ku Manchester mu 1883 pothira utoto m'paipi yagalasi. Pa ntchito za madzi funsoli silivuta, chifukwa ngakhale kapaipi ka 20 mm kokhala ndi liwiro la 0.5 m/s kali kale pa Re ya 10,000.

Fomula ya τw ilipo ndipo ndi yaifupi. Bwanji osangoigwiritsa ntchito?

Inde, τw = μ × du/dy pakhoma, ndipo ndi yoona nthawi zonse. μ ndi dynamic viscosity, ndipo du/dy ndi mmene liwiro u likukwerera ndi mtunda y kuchoka pakhoma. Chovuta ndi kupeza du/dy. Madzi akawinduka, akavuluvulu aakulu ndi aang'ono amanyamula madzi othamanga a pakati n'kuwafikitsa pafupi kwambiri ndi khoma. Choncho liwiro limatsika kuchoka pa theka la mphamvu yake kufika pa ziro m'kamtunda kochepa zedi. Mu chitsanzo cha paipi chimene tawerengera m'munsimu, kagawo kamene fomulayi ingayezedwe ndi ka 0.07 mm, ngati tsitsi limodzi. Zida zambiri zoyezera liwiro ndi zazikulu kuposa pamenepo.

N'chifukwa chake njira pafupifupi zonse zimazembera kagawoka. Zina zimayeza kutsika kwa puresha, zina zimayeza liwiro patali pang'ono n'kudalira lamulo la log limene talifotokoza m'munsimu, zina zimangodalira mafomula ochokera ku zoyesa za anthu ena. Iliyonse ili ndi chimene yatsamira, ndipo chimenecho chikagwa yankho limagwa nacho.

Kodi uτ, y⁺ ndi u⁺ zimaimira chiyani?

uτ = √(τw / ρ), pamene ρ ndi kulemera kwa kiyubiki mita imodzi, 1,000 kg kwa madzi ndi 1.2 kg kwa mpweya. Imatchedwa friction velocity chifukwa imatuluka mu m/s, koma si liwiro limene mungaliloze penapake m'madzimo. Kawirikawiri imakhala 3 mpaka 6 peresenti ya U. Ngati yanu yatuluka 20 peresenti pa khoma losalala, bwererani ku masamu anu.

y⁺ = y × uτ / ν ndi mtunda kuchoka pakhoma, ndipo u⁺ = u / uτ ndi liwiro pa mtundawo. Ubwino wa miyezo iwiriyi ndi wakuti paipi ya madzi ndi phiko la ndege zimagwera pa mzere umodzi mukazijambula motere.

Lamulo la log limati chiyani, ndipo limagwira ntchito pati?

Pafupi ndi khoma losalala pali magawo atatu. Loyamba limachoka pakhoma kufika pa y⁺ ya 5, ndipo mmenemo u⁺ = y⁺. Lachiwiri ndi la y⁺ ya 5 mpaka 30, ndipo silitsata fomula iliyonse mwa ziwirizi. Lachitatu limayambira pa y⁺ ya 30 kukafika pafupifupi 15 kapena 20 peresenti ya boundary layer yonse, kapena ya theka la D ngati ndi paipi. Mmenemo:

u⁺ = (1/κ) × ln(y⁺) + B

Theodore von Kármán anafalitsa lamuloli mu 1930. Mabuku ambiri amaika κ = 0.41 ndi B = 5.0, ena akale κ = 0.40 ndi B = 5.5. Akatswiri akadakanganabe. Zoyesa za pa malo afulati ku Stockholm zinapereka κ yoyandikira 0.38, pomwe za m'paipi ya Superpipe ku Princeton zinapereka pafupifupi 0.42. Pa ntchito wamba mkanganowu usakusokonezeni. Chofunika n'chakuti κ ndi B zimayenda ziwiriziwiri, ndiye musatenge κ m'buku lina n'kutenga B m'buku linanso.

Ndili ndi paipi yowongoka. Ndiwerengere bwanji, kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Titenge paipi ya PVC ya 100 mm m'kati, yonyamula malita 11.8 pa sekondi, madzi a 20°C.

Yambani ndi liwiro. Malo odutsa madzi ndi 0.00785 m², choncho U = 0.0118 / 0.00785 = 1.5 m/s. Gwiritsani ntchito kukula kwa m'kati, osati kumene kwalembedwa pa paipi, chifukwa paipi ya PVC kapena HDPE nthawi zambiri imatchulidwa ndi kukula kwa kunja. Kenako Re = 1.5 × 0.1 / 10⁻⁶ = 150,000.

Tsopano pezani friction factor, f, nambala yoyeza kukhulana m'paipi, ndi fomula ya Colebrook ya mu 1939:

1/√f = −2 × log[ ε/(3.7D) + 2.51/(Re × √f) ]

ε ndi kukhakhala kwa khoma, 0.0015 mm kwa PVC yatsopano. Popeza f ili mbali zonse ziwiri, yambani ndi 0.02, ikani kumanja, tengani yotuluka kumanzere n'kuibwezanso kumanja. Mukabwereza katatu kapena kanayi imakhazikika pa 0.0167. Tchati cha Moody cha mu 1944 ndi fomula yomweyi itajambulidwa. Amene safuna kubwereza angatenge ya Swamee ndi Jain ya mu 1976, imene pulogalamu ya EPANET imagwiritsanso ntchito: f = 0.25 / [log(ε/(3.7D) + 5.74/Re^0.9)]².

Zotsalazo n'zosavuta. τw = f × ρ × U² / 8 = 4.7 Pa. uτ = 0.069 m/s. Pa mamita 100 aliwonse madzi amataya f × (L/D) × U²/(2g) = mamita 1.9 a msinkhu, womwe ndi 18.8 kPa (L ndi utali wa paipi, g ndi 9.81 m/s²).

Taonani kuti 4.7 Pa ndi kamphamvu kochepa kwambiri. Kamasanduka nkhani chifukwa cha utali wa paipi. Pa mizere yaitali ngati umene umakweza madzi kuchoka ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire kupita ku Blantyre, mita iliyonse yotayika ndi kukhulana imawonjezera pa msinkhu umene mapampu akukweza kale, ndipo imalipiridwa ndi magetsi tsiku ndi tsiku.

Fomula ya Blasius ya mu 1913, f = 0.316 / Re^0.25, ndi ya mapaipi osalala okhaokha ndipo imathera pa Re ya 100,000. Pa chitsanzo chathu imapereka 0.0161, kuperewera ndi 4 peresenti, ndipo kupereweraku kumakula Re ikamakwera.

Yankho langa lasiyana kanayi ndi la mnzanga. Walakwa ndani?

Mwina palibe. Pali ma friction factor awiri, ya Darcy ndi ya Fanning, ndipo ya Darcy ndi yaikulu kanayi. Mainjiniya a madzi amakonda ya Darcy, a za makemikolo amakonda ya Fanning. Kuti mudziwe imene buku lanu likunena, yang'anani fomula ya madzi oyenda mwabata: ikakhala 64/Re ndi Darcy, ikakhala 16/Re ndi Fanning. Ndi ya Fanning, τw = f × ρ × U² / 2. Tsamba lino likugwiritsa ntchito ya Darcy.

Kukhakhala kwa khoma kumayamba liti kukhala ndi kanthu?

Kumayamba pamene timabampu ta pakhoma tatulukira pamwamba pa kagawo koyamba kaja, kothera pa y⁺ ya 5. Muyezo wake ndi ks⁺ = ε × uτ / ν. Ikachepera 5, khomalo madzi amaliona ngati losalala. Ikapitirira 70, kukhakhala ndiko kukulamulira ndipo f siyidaliranso Re. Malirewa anachokera ku zoyesa za Johann Nikuradse ku Göttingen mu 1933, pamene ankamata mchenga wosefa m'kati mwa mapaipi. Ndiye ε ya m'matebulo si msinkhu wa mabampu enieni ayi, ndi kukula kwa mchenga umene ungapereke kukhulana kofanana.

Manambala a mapaipi atsopano ndi awa: chitsulo wamba 0.045 mm, galvanised 0.15 mm, cast iron 0.26 mm, konkire 0.3 mpaka 3 mm. Tikasintha paipi yathu ija kukhala ya galvanised, ks⁺ imakhala 12, f imakhala 0.023, ndipo madzi amataya mamita 2.7 m'malo mwa 1.9. Dzimbiri likaikhakhalitsa kufika pa ε ya 1 mm, f imafika 0.038 ndipo otayika ndi mamita 4.4.

Pali china chimene anthu amaiwala. Dzimbiri ndi zomatirira zimachepetsanso D, ndipo pa madzi ochuluka mofanana kutayikaku kumayenda ndi 1/D⁵. Paipi ya 100 mm ikangotsekeka kufika pa 95 mm, kutayika kumakwera ndi 29 peresenti, f isanasinthe n'komwe. Pa paipi yakale, apa ndi pamene pamachokera kulakwitsa kwakukulu, osati pa kusankha pakati pa Colebrook ndi Swamee.

Ndingayeze bwanji τw pa paipi imene ikugwira kale ntchito?

Yezani kutsika kwa puresha (Δp) pakati pa malo awiri otalikirana mtunda L, ndipo τw = Δp × D / (4L). Njira imeneyi siyidalira lamulo la log kapena tebulo lililonse, imangolinganiza mphamvu yokankha ndi yogwira. Ikachitika bwino ndiyo imaweruza zinzake zonse.

Sankhani chigawo chowongoka, chopanda valavu, elibo kapena nthambi. Kabowo koyamba koyezera puresha kakhale kutali ndi bendi kapena pampu, mtunda wa 50D ngati malo alipo. Tibowo tikhale tating'ono, mwina 1 mpaka 3 mm, toboola mowongoka, topanda kachitsulo kotsalira m'kati, chifukwa kachitsulo kameneko kamasokoneza puresha kuposa mmene mungaganizire. Tulutsani mpweya wonse m'timachubu topita ku geji. Paipi ikakhala yokwera kapena yotsika, chotsani ρ × g × kusiyana kwa msinkhu musanawerengere. L ikhale yaitali mokwanira: pa chitsanzo chathu mamita 10 amapereka 1.9 kPa yokha, imene mageji awiri wamba sangaisiyanitse. Pamenepo gwiritsani ntchito manometer kapena geji imodzi yoyeza kusiyana kwa puresha.

Nanga pa malo afulati, phiko kapena sitima?

Kumeneko timagwiritsa ntchito Cf = τw / (0.5 × ρ × U²), ndipo Re imawerengedwa ndi mtunda x kuchoka kutsogolo. Pa malo osalala, Re ili pakati pa 500,000 ndi 10 miliyoni, Cf = 0.0592 / Re^0.2 pa malo amodzi, ndipo 0.074 / Re^0.2 ndi ya pakatikati pa utali wonse. Musasakanize ziwirizi. Okonza sitima amatsata fomula ya ITTC (bungwe la akatswiri oyesa sitima zapamadzi) ya mu 1957, CF = 0.075 / (log Re − 2)².

Mwachitsanzo, mpweya wa 20 m/s pa x = 1 m umapereka Re ya 1.33 miliyoni, Cf ya 0.0035, τw ya 0.85 Pa ndi uτ ya 0.84 m/s. Mpweyawo ukanakhala wabata, fomula ya 0.664/√Re ikanapereka 0.00058, kuchepa kasanu ndi kamodzi. Ndiye kudziwa pamene kuwinduka kukuyambira n'kofunika kwambiri kusiyana ndi kusankha fomula.

Ndayeza liwiro pa mtunda wodziwika kuchoka pakhoma. Ndingapeze τw?

Mungathe, malinga ngati malo amenewo ali m'gawo la log. Njirayi imatchedwa ya Clauser. Tinene kuti m'paipi yathu mwayeza 1.17 m/s pa y = 2 mm. Yerekezani uτ ya 0.06. Imapereka y⁺ ya 120, u⁺ ya 16.7, ndipo uτ yatsopano ndi 1.17/16.7 = 0.070. Mukabwereza, y⁺ ndi 140, u⁺ ndi 17.1, uτ ndi 0.0686. Kachitatu yakhazikika pafupi ndi 0.069, ndipo τw = ρ × uτ² = 4.7 Pa.

Malo amodzi sakwanira pa ntchito yeniyeni. Yezani malo asanu kapena khumi, jambulani u moyang'anizana ndi ln(y), ndipo onani ngati akupanga mzere wowongoka. Akapanda kutero musakakamize. Chimene chimapweteka kwambiri ndi kusadziwa pamene pali khoma penipeni. Pa y = 0.5 mm, kulakwitsa ndi 0.1 mm kumasuntha uτ ndi pafupifupi 3 peresenti, ndipo popeza τw imayenda ndi uτ², kumasanduka 6 peresenti. Dziwaninso kuti simungagwiritse ntchito uτ ya Clauser potsimikiza kuti lamulo la log ndi loona, chifukwa yachokera ku lamulo lomwelo.

Pali zida zoyezera τw pakhoma penipeni?

Chotsika mtengo ndi kachubu ka Preston ka mu 1954. Ndi kachubu kozungulira kogonekedwa pakhoma, kamwa lake litayang'ana kumene madzi akuchokera, ndipo pambali pake pamakhala kabowo koyezera puresha ya pakhoma. Kusiyana kwa mapuresha awiriwa kumasandulizidwa kukhala τw ndi mafomula a V. C. Patel a mu 1965. Kachubuko kayenera kukhudza khoma, kuloza bwinobwino, ndiponso kukhala kakang'ono moti konse kali m'gawo la log kapena pansi pake. Nako kamatsamira pa lamulo la pakhoma.

Floating element ndi kachidutswa ka khoma kodulidwa n'kuikidwa pa sikelo. Kamayeza mphamvu yeniyeni, koma kakangokwera kapena kutsika pang'ono poyerekeza ndi khoma lonse, yankho lawonongeka. Mu mpweya muli njira ya oil film interferometry: amadontheza mafuta a silicone pakhoma, amawaunika, n'kuona mmene mafutawo akupyapyalira mpweya ukamawakoka. Siyidalira lamulo la log, koma imafuna kuti mudziwe kutentha kwa mafutawo bwino lomwe chifukwa viscosity yake imasintha ndi kutentha. Hot film, kachida kopyapyala kotenthetsedwa ndi magetsi koikidwa pakhoma, imaonetsa bwino kugwedezeka kwa τw, koma iyenera kulinganizidwa kaye ndi njira ina.

Ngalande ndi mitsinje imawerengedwa chimodzimodzi?

Pamene madzi akuyenda mosasintha kuya, τ = ρ × g × R × S. S ndi kutsetsereka, R ndi malo odutsa madzi kugawa ndi utali wa khoma lonyowa. Ngalande ya mita imodzi m'lifupi, madzi akuya 0.6 m, kutsetsereka kwa 1 pa 1,000: R = 0.6 / 2.2 = 0.273 m ndipo τ = 2.7 Pa. Imeneyi ndi ya pakatikati. Pansi pamalandira yochulukirapo, m'makona yocheperapo, ndipo kunja kwa bendi imakwera.

Nambalayi imathandiza kudziwa ngati ngalande ikokoloke kapena ikwiririke. Kuchokera ku ntchito ya Albert Shields ya mu 1936, mchenga waukulu ndi timiyala zimayamba kusuntha τ ikafika pafupifupi 0.8 Pa pa milimita iliyonse ya kukula kwake. Choncho 2.7 Pa imasuntha timiyala tochepera 3 mm. Pa ngalande yakonkire zimenezi n'zabwino chifukwa mchenga suunjikana. Pa yadothi lamchenga ndiye kuti pansi padyeka. Dongo lomatirira silitsata lamuloli.

Mu CFD, selo loyamba likhale lalikulu bwanji?

CFD imagawa madzi m'timabokosi totchedwa maselo, ndipo loyamba ndi logundana ndi khoma. Kukula kwake kumadalira njira imene mwasankha. Ndi wall function (fomula yolowa m'malo mwa kuwerengera mpaka pakhoma), monga imene imayenda ndi k-epsilon ya Launder ndi Spalding ya mu 1974, pakati pa selo loyamba pakhale pa y⁺ ya 30 mpaka 300, komabe musatuluke m'gawo la log. Mukafuna kuti kompyuta iwerengere mpaka pakhoma, monga ndi k-omega SST ya Menter, ikani y⁺ pafupi ndi 1, maselo azikula pang'onopang'ono lililonse lisapitirire kuchulukitsa linzake ndi 1.2. Pewani y⁺ ya 5 mpaka 30. Mapulogalamu atsopano ali ndi njira zosakaniza, komabe τw imalakwika kwambiri m'gawo limeneli.

Yerekezani uτ ndi mafomula a paipi kapena a malo afulati ali pamwambawa, kenako y = y⁺ × ν / uτ. Pa mpweya wa 20 m/s uja, y⁺ ya 1 ndi 0.018 mm, ya 30 ndi 0.54 mm. M'mapulogalamu a OpenFOAM ndi Fluent y imeneyi imafika pakati pa selo, choncho msinkhu wa selo lonse ndi kuwirikiza kawiri. Mukamaliza, jambulani y⁺ pakhoma ponse, musangoyang'ana ya pakatikati. Ngati mwaika kukhakhala, pakati pa selo pasakhale pansi pa ks, yomwe ndi ε ija.

Ndi pati pamene zonsezi zimalephera?

Pamene puresha ikukwera kulowera kumene madzi akupita, monga m'paipi yotanuka kapena kumapeto kwa phiko, gawo la log limafupika ndipo mafomula a malo afulati amapereka τw yaikulu kuposa yeniyeni. Madzi akafika pochoka pakhoma, τw imakhala ziro kenako imabwerera m'mbuyo. Pamenepo uτ nayonso ndi ziro, moti y⁺ ilibenso tanthauzo. Lamuloli limalepheranso pamene madzi akuwomba khoma molunjika, pamene akufulumira kwambiri m'paipi yofinyika, m'mabendi akuthwa, ndiponso valavu ikatsekedwa mwadzidzidzi.

Ngati puresha ikukwera pang'onopang'ono ndipo mwayeza liwiro la boundary layer yonse, fomula ya Ludwieg ndi Tillmann imathandiza: Cf = 0.246 × 10^(−0.678H) × Reθ^(−0.268), pamene H ndi shape factor ndipo Reθ imawerengedwa ndi momentum thickness; ziwirizi zimachokera ku liwiro limene mwayezalo.

Madzi okhala ndi matope ambiri kapena othiridwa ma polymer satsatanso B ya 5.0. Ma polymer ochepa chabe amatsitsa kukhulana kwambiri, ndipo paipi ya mafuta ya Trans-Alaska inayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1979.

Bwanji osangotenga Hazen–Williams, fomula ina yowerengera msinkhu wotayika m'mapaipi a madzi, monga ambiri amachitira?

Pa madzi wamba a m'mapaipi a 50 mm kupita m'mwamba, pa liwiro losapitirira 3 m/s, imagwira ntchito ndipo ndi yachangu. Koma mulibe ν m'kati mwake, ndiye siyidziwa za kutentha, mafuta kapena mpweya, ndipo nambala yake C imasintha ndi kukula kwa paipi ngakhale matebulo amaiika ngati yokhazikika. Ngati mukufuna τw, pezani msinkhu wotayika ndi fomulayo, usandutseni kukhala Δp, n'kugwiritsa ntchito Δp × D / (4L) monga tafotokozera pa funso la paipi imene ikugwira kale ntchito. Pa tipaipi tating'ono ta ulimi wothirira wa drip, pamene Re imatsikira pansi pa 10,000, bwererani ku Darcy ndi Blasius.